Amalume Ako Analibe Jombo

Muloza, Lachinayi madzulo

Maliko mwana wanga,

Ndakubera kope lako lamasamu lija unasiya pawindo, poti kumapeto kwake kunali masamba oyera. Usadandaule, masamuwo sunkawakonda n'kale lomwe. Iwe wapita ku Limbuli kukatsanzika anzako, bambo ako apita kukakugulira sopo ndi polishi ngati kuti boma lilibe zimenezo, ndipo ine ndakhala pakhonde pano kuti ndilembe dzuwa lisanalowe, chifukwa maso angawa ndi nyali sagwirizananso. Zolemba zanga ndi za sukulu ya kwacha, uziwerenga pang'onopang'ono.

Patha masabata atatu chibwerere kalata yoti akutenga ku usilikali, ndipo masabata atatu omwewo ine ndi iwe takhala tikulambalalana m'nyumba muno ngati anthu olimbirana malire a munda. Ndimakuikira chakudya n'kuchokapo, iwe umadya n'kutsuka mbale wekha, chinthu chomwe sunachitepo chibadwire. Ukuganiza kuti ndakwiya poopa kuti ukafa. Kuopako ndikuopadi, ndine mayi. Koma chanditseka pakamwa ndi china. Tsiku lija unabwera ndi kalata ukuvina pabwalo, unati, "Amayi, ndikupita kukamaliza ntchito ya amalume a Zuze!" Mwana wanga, ukupita kukatsatira munthu amene kunalibe. Amalume amene uli nawo m'mutuwo ndinawaumba ndine ndi pakamwa pangapa, ndipo sindingakulole kukwera nawo minibasi mawa.

Kwathu, malangizo ngati awa sapereka mayi. Mnyamata akamachoka pamudzi amamukhazika pansi ndi amalume ake, eni mbumba, mayi n'kumangomvera chapatali. Iwe amalume ulibe. Munthu wofera kunkhondo sasowa tsiku limodzi lokha ayi. Zuze anasowa pa ukwati wanga, anasowa pa ziunkhoswe za achemwali ako awiri, anasowa pamene tinkavutana ndi anthu za dimba lija, ndipo lero wasowanso. Ndiye ndikhala ine amalume ako kwa madzulo amodzi, ngakhale ndevu ndilibe. Khala pansi uwerenge.

Zinayamba ndi nsapato. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, tikukhala ku Mozambiki, m'mudzi wa kuseri kwa phiri la Tumbine, lomwe umaliona ukaima pa boda n'kuyang'ana cha ku Milange. Zuze, achimwene anga, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. M'mawa wina tikupalira chinangwa, panatulukira mayi wina akuthamanga, mwana akulendewera kumsana, akukuwa kuti anthu a mfuti alowa m'mudzi wa tsidya. Tinataya makasu. Agogo ako anatola mphika ndi bulangeti, ine mtolo wa zovala, Zuze thumba la ufa, ulendo wa ku Malawi. Titayenda mtunda ngati wochokera pano kukafika ku Limbuli, ndinakumbukira nsapato zanga zapulasitiki zofiira, zomwe ndinali nditavala kawiri kokha kutchalitchi. Ndinakhala pansi pakati panjira n'kuyamba kulira ngati khanda. Agogo ako anandimenya khofi, koma sindinadzuke. Zuze anatula thumba lija n'kuseka.

"Mana Mena, nsapato zokhazo basi? Nyamukani inu, ndikakupezani pamtsinje."

Mana ndiye kuti achemwali. Ankanditchula choncho pondiseka, chifukwa ndinkamulamula ngati ndine wamkulu. Anabwerera akuthamanga, ndipo ife tinamudikira pa mtsinje wa Muloza masiku awiri, mpaka anthu anatikakamiza kuwoloka.

Tamvera, Maliko. Kumene ukupitako poyamba uzidzatumidwa, koma ukakhalitsa tsiku lina udzakhala ndi mphamvu yotuma ana a eni. Usanatsegule pakamwa udzaime kaye, udzifunse ngati chimene ukumutumiracho ndi chinthu choyenera moyo wa munthu kapena ndi nsapato zofiira. Ine ndinalibe udindo, ndinalibe nyenyezi paphewa, ndinali ndi misozi yokha, koma inakwanira kutuma munthu kumene sanabwerereko.

Nkhondo itatha, anzathu ambiri anabwerera kwawo. Ine ndinali nditakwatiwa kale ndi bambo ako, ndipo agogo ako anakanitsitsa kusuntha. Ankati, "Zuze anati atipeza pamtsinje, ndiye ine ndikhala pafupi ndi mtsinje." Chaka china, nthawi ya mango, kunabwera bambo wina wowonda, wotsimphina, amene anakhala akufunsa m'misika yonse ya m'malire muno za amake a Zuze a kuseri kwa Tumbine. Anakhala pakhonde lomwe lino, chipewa chili pa bondo, n'kufotokoza. Anati iye ndi Zuze anagwidwa ndi anthu a mfuti m'sabata imodzimodzi. Anawamanga chingwe m'chiuno anthu asanu ndi mmodzi n'kumawasenzetsa matumba m'tchire kwa miyezi. Kenako anawapatsa mfuti, osawafunsa. Anati Zuze ankamenyedwa kawirikawiri chifukwa manja ake ankanjenjemera. Anati anavulala ntchafu, bala linawola, ndipo anamwalira nthawi ya mvula pafupi ndi kamtsinje kena komwe iye sankadziwa n'komwe dzina lake. Anamufotsera ndi nthambi poti khasu panalibe.

Agogo ako anamvetsera zonse. Kenako anafunsa, "Anavala chiyani mwana wanga?"

"Kabudula wa chiguduli, mayi."

"Kuphazi?"

"Panalibe amene anali ndi nsapato, mayi."

Pomaliza agogo ako anafunsa chomwe ine ndinkaopa. "Anapha anthu?"

Bambo uja anayang'ana chipewa chake. "Mayi, tonse tinachita zimene tinauzidwa. Nyumba tinatentha. Zina musandifunse."

Pamenepo ndi pamene ndinachita chinthu chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinatola tsache. Ndinamunena kuti ndi wakuba, wabodza, woyenda m'makomo mwa anthu ndi nkhani za maliro kuti apeze chodyera. Ndinamuthamangitsa mpaka pamsewu, munthu wotsimphina, anthu akuonerera. Agogo ako ndi amene anamutsatira pambuyo ndi chinangwa chophika chomangidwa m'kansalu. Dzina lake sindinafunse, kwawo sindinafunse, ndipo ndiye munthu yekhayo padziko amene akanatha kutilozera kumene kuli mafupa a Zuze.

Ndiye iwe usadzathamangitse munthu wobweretsa nkhani yowawa. Ndipo ngati Mulungu adzalola kuti udzaone mnzako akutsirizika, usadzangosiyira akuluakulu ndi kalata zawo zodindidwa. Udzapite wekha kwa amake, ngakhale kukhale kutali. Udzakhale pansi, chipewa pa bondo, unene zoona: anati chiyani, anavala chiyani, wagona pati. Mwina adzakutolera tsache. Upirire, chifukwa ine amene ndinatola tsache ndikukuuza kuti mawu a bambo uja ndi okhawo amene ndili nawo, ndipo ndawasunga onse osataya ndi limodzi lomwe.

Tsono kwathu munthu akafera kutali, thupi osaoneka, sitimangomusiya m'malere. Timasonkhana, timalira, timakwirira kanthu kake, kaya malaya kaya mphasa, kenako achibale amameta. Kumetako ndiko kuvomera kuti munthu wapita, ndipo tsitsi latsopano likamamera nawonso amoyo amayambanso moyo. Agogo ako anafuna kuchita zimenezo. Malaya a Zuze a mizeremizere analipo, anabwera mu mtolo uja ndinasenza ine. Ndinawabisa pansi pa sutikesi n'kunena kuti anasowa. Ndinakana kuitana anthu, ndinakana lezala. Ndinkati, "Simungametere munthu wamoyo. Abwera." Anthu ankandiyamikira kuti Filomena ali ndi chikhulupiriro cholimba. Chikhulupiriro chanji! Ndinkadziwa kuti ndikavomera kuti wafa, ndavomeranso kuti anafera nsapato zanga. Agogo ako sanandikalipire. Tsiku lina tikuphika kalongonda anangonena m'Chilomwe, chinenero chomwe ankachisungira zinthu zowawa, kuti, "Mena, ukundimana maliro a mwana wanga." Ndinanamizira kusonkhezera moto. Anamwalira patapita zaka zinayi, iwe usanabadwe, tsitsi lawo likadali lomwe lija.

Uziwalola anthu kulira akufa awo, Maliko, ngakhale kulirako kukuwawe iweyo. Ine ndinkaganiza kuti ndikusunga Zuze, pamene ndinkangodzisunga ndekha.

Bodza lomwe linakulowa iweyo linayamba pa chinthu chaching'ono. Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, unadwala malungo, ndipo kuchipatala unaluma namwino dzanja pokana jakisoni. Nditasowa chochita ndinati, "Amalume ako a Zuze anali msilikali, jakisoni sankamulira." Unatembenuka wekha kuti akubaye. Pobwerera unafunsa, "Anali ndi mfuti yaikulu?" Ndinati eya. "Nanga jombo?" Ndinati jombo zonyezimira, zomveka kuchokera kutali. Kuyambira pamenepo nkhaniyo inkakula nthawi iliyonse ukafunsa. Ndinamuveka chipewa, ndinamupatsa anyamata owalamula, mpaka ndinamuimika yekha pamlatho akutchinga adani kuti mudzi wonse uwoloke. Mlatho wake uti? Ife tinawoloka madzi ali m'chiuno. Iwe unkaguba pabwalo ndi nsungwi paphewa, nkhuku zikuthawa, ukukuwa kuti ndiwe amalume a Zuze.

Bambo ako, ngakhale ali munthu wa mawu ochepa, anandichenjeza. Anati, "Amake Maliko, nkhani iyi ikukula kuposa mwanayu."

Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Inu ukapitawo wanu uzithera ku tiyi konko. Za abale anga zisiyeni."

Anazisiya, ndipo sanakuuze kanthu mpaka lero chifukwa cholemekeza ine, choncho usawakwiyire. Zoona zake, nkhani ija inkakomera ine kuposa iwe. Zuze wa pamlatho anafera mudzi wonse, ndipo ndikamamufotokoza ndinkagona tulo tabwino. Sindinaganize kuti mwana amene ankamvetsera adzakula, adzathamanga m'minda ya tiyi m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri, adzakana ntchito ya ukalaliki imene bambo ako anamufunira, zonsezo pofuna kufanana ndi munthu wongopeka.

Tsopano tamvera za amalume ako enieni, uwadziwe. Zuze ankaopa kuzinga nkhuku. Akapatsidwa mpeni ankandibweretsera ine kuseri kwa nkhokwe, n'kudzatenga nkhukuyo itafa kale kuti akaonetse. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndipo ankaimbira pamenepo mluzu woipa kwabasi. Akapsa mtima ankachita chibwibwi, ife n'kumaseka, iye n'kuyambanso kuseka. Ankakonza njinga za anthu ndi waya ndi mphira, ndipo ankalota zodzakhala ndi kashopu kake ku Milange. Kalongonda ankadya mpaka kugona chafufumimba akubuula. Anali ndi mtsikana wina amene ankamufuna koma sanamulankhulepo, ankangodutsa pakhomo pawo katatu patsiku ndi njinga za eni. Ameneyo ndiye anali Zuze. Polemba izi ndaseka ndekha pakhonde pano, ndipo ndazindikira kuti zaka zonse zija ndinkakamba za ngwazi ya pamlatho sindinamusowe ngati mmene ndamusowera madzulo ano. Wa jomboyo sankandiliza chifukwa sindinkamudziwa.

Pali nkhani inanso, ya amake Rozina, aja ogulitsa nthochi pamsika. Unadabwapo kuti chifukwa chiyani ine ndi iwo sitipatsana moni, ndipo ndinakuuza kuti ndi nkhani za azimayi. Chaka china mu Novembala, tsiku lija amakumbukira asilikali ofera kunkhondo, wailesi ya pa shopu inkaulutsa mwambo wa ku Zomba. Malipenga akulira, iwe uli mwana wa sitandade faifi unaimirira n'kumenya sawatcha pakati pa msika, anthu akuseka. Ine mtima unakwera, ndinati mokweza, "Nafenso tili naye wathu, achimwene anga anafera anthu kunkhondo!" Benchi langa linali loyandikana ndi la amake Rozina. Iwo anafunsa motsitsa, osandiyang'ana.

"Anali mbali iti achimwene anuwo?"

"Mbali ya anthu abwino," ndinatero.

"Ee, aliyense amatero. Rozina wanga anapsera m'nyumba. Oyatsawo anali anyamata, osavala ndi nsapato zomwe. Kaya anali a mbali iti, sanandiuze."

M'malo mokhala pansi n'kulira nawo, ndinanyamula nandolo wanga n'kusamukira mzere wina. Ndinawanena kwa anthu kuti ndi a nsanje. Papita zaka zoposa khumi tikupatukirana pa mjigo. Kodi unadzifunsapo kuti Rozinayo ali kuti? Ana awo onse umawadziwa, Rozina palibe. Anali mwana wawo woyamba, wa zaka zisanu, ndipo anatsala ku Mozambiki. Atabereka ena kuno, anthu anayesa kuwatchula amake Yohane, iwo anakana. Anati, "Aliyense wondifuna aziyamba watchula mwana wanga." Alibe manda, alibe chithunzi, alibe lipenga, koma dzina la Rozina limamveka pamsika wa Muloza tsiku lililonse, ngakhale kwa munthu wongofuna nthochi ziwiri. Mayi amenewo amadziwa kukumbukira, ine ndinkangodziwa kukometsa nkhani.

Lolemba lapitali, nditaona kuti tsiku lako layandikira ndipo pakamwa panga pakanika kutseguka, ndinapita kwawo. Ndinawapeza akusenda nandolo. Sanandipatse mpando, ndinakhala pansi. Ndinawauza zonse, za nsapato, za bambo wotsimphina, za nyumba zotenthedwa. Pomaliza ndinati, "Amake Rozina, mwina anali achimwene anga."

Anapitiriza kusenda mpaka ndinaganiza kuti sanamve. Kenako anati, "Mwina anali iwo, mwina ayi. Anyamatawo analipo ambiri. Anali ndi zaka zingati?"

Ndinawauza.

"Mwana ameneyo," anatero. "Munameta?"

"Ayi."

"Zaka zonsezi? Aa, mayi inu! Ndiye n'chifukwa chake pakamwa panu sipapuma. Tengani nandoloyu muzisenda, musangokhala."

Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe, chifukwa si ine woyenera kupempha ndipo woyenerayo kulibe. Koma lero m'mawa, iwe utapita kukathamanga, anabwera ndi lezala latsopano. Eni manda anali atatilola kale. Bambo ako ananyamula khasu, ine malaya a mizeremizere aja, omwe njenjete zadya kolala yonse. Tinawakwirira pambali pa agogo ako. Amake Rozina anati titchule maina, ndipo ine ndinatchula Zuze, iwo anatchula Rozina, pa dzenje limodzi. Kenako anandikhazika pa mwala n'kundimeta mpala. Dzanja lawo ndi lolemera, andicheka kuseri kwa khutu, koma sindinadandaule. Ndinalira kulira kumene ndinamana amayi anga, mpaka mawu anatha. Masana unandiona nditamanga duku mpaka m'maso, unaganiza kuti ndi kuzizira kwa chiperoni. Ndinayenera kukuitana kumandako, unali ufulu wako, koma ndinaopa maso ako. Chimenechonso uchiwerengere pa zolakwa zanga.

Sindikukuuza kuti usilikali ndi woipa. Anyamata amene anatilandira titawoloka, n'kutilozera kokapeza madzi ndi chakudya, ena anali a yunifolomu, ndipo mmodzi anapatsa agogo ako jekete lake. Dziko limafuna olilondera. Kumeneko akakuphunzitsa kuima osagwedezeka patsogolo pa chipilala, duwa lofiira pachifuwa, lipenga likulira. Ukaime bwino, chifukwa maina olembedwa pamenepo ndi a ana a anthu, ndipo aliyense anasiya wina amene anamudikira. Koma pa kamphindi kaja onse amakhala chete, usamaganize za mendulo. Uziganiza kuti aliyense wa iwo anali ndi mluzu wake woipa, ndi chakudya chake chomwe ankadya mpaka kubuula. Uziwonjezeranso amene sanalembedwe: Zuze wa kabudula wa chiguduli, ndi Rozina amene sanagwirepo mfuti. Onse awiri, osasiya mmodzi.

Ine zanditengera zaka pafupifupi makumi anayi kuti ndimvetse chifukwa chake timakumbukira anthu amenewa. Ndinkayesa kuti n'kuwapaka laimu, ngati mmene timachitira ndi nyumba pa Khirisimasi kuti ming'alu isaoneke. Ena amawakumbukira kuti mkwiyo usazime, ndipo ana awo amakula akunola mipeni. Koma wakufa safuna jombo zimene sanavale, safunanso kuti wina afe chifukwa cha iye. Timawakumbukira kuti amene atsala adziwe mtengo wake wa nkhondo, asamayiitane ngati akuitana gule. Iwe makamaka, poti mfuti ikakhala m'manja mwako. Tsiku lina ukadzailozetsa kwa munthu, udziwe kuti kutsogoloko kukhoza kukhala mnyamata womangidwa chingwe m'chiuno, ndipo kuseri kwa chitseko kukhoza kukhala mwana wa zaka zisanu. Akadzakuuza kuti uyatse nyumba, udzakumbukire kuti m'banja mwathu alipo kale mmodzi amene anachita zimene anauzidwa. Iye analibe pothawira, analibe lamulo lomuteteza, analibe sukulu. Iwe zonsezo uli nazo.

Zina ndi zazing'ono, koma uzimve. Uziumitsa mapazi ndi masokosi, usadzabwere kuno ndi zala zowola. Akafunsa kuti ndani apite kutsogolo, usamakweze dzanja pofuna kuoneka, iwe amene mpaka lero nalimata akagwa kudenga umatuluka m'chipinda ndi liwiro. Mowa wa kumapeto kwa mwezi wagwetsa asilikali ambiri amene chipolopolo chinawaphonya. Atsikana akakukonda chifukwa cha yunifolomu, dziwa kuti akonda nsalu. Uziwaimbira bambo ako, ngakhale iwo angoti "eya, eya" n'kudula, chifukwa akadula amakhala tsiku lonse akubwereza zimene wanena. Ndipo usaiwale kuti ana a achemwali ako amalume awo ndi iwe wekha. Adzafuna munthu wowakhazika pansi, wamoyo, osati chithunzi pakhoma.

Ukamandiuza za kumeneko, uzindiuza zoona. Ukaopa, nena kuti ndaopa. Ukalakwa, nena kuti ndalakwa. Usadzanditumizire nkhani zokometsa kuti ndigone bwino, chifukwa ndadziwa kumene tulo totero timathera. Ndipo ngati zoipa zidzachitike, Mulungu aletse, ndikukulonjeza kuti sindidzakuveka chimene sunavale. Ndidzauza adzukulu anga kuti amalume awo ankadzuka mochedwa, ankadana ndi masamu, ankaseka ngati akutsamwa, ndipo ankawakonda. Ndidzalira, ndidzameta nthawi yake.

Dzuwa lafika pamwamba pa mitengo ya bulugamu ndipo masamba a kopeli atha. Kalatayi ndiika pamwamba pa chikwama chako kuti usaiphonye. Ndikudziwa kuti ndakulanda chinthu chimene wakula nacho, ndipo ndachita zimenezi tsiku loipa, mawa lake uli paulendo. Uli ndi ufulu wokwiya. Mwina ukaganiza bwino upeza kuti usilikaliwo umaufuna ndithu, pawekha, popanda mlatho ndi jombo. Ngati ndi choncho pita, ndipo upite ndi madalitso anga onse, amene ndakhala ndikukumana masabata atatu awa. Mwina upeza kuti unkangotsatira bodza la amayi ako. Pamenepo palibe manyazi kutsala, anthu adzalankhula sabata imodzi n'kupeza nkhani ina. Chisankho ndi chako, ine ndasankhira anthu mokwanira.

Mawa m'mawa undipeza pakhonde pano, duku nditavula. Ukatuluka ndi chikwama, ndikusenzera ndine mpaka pa siteji, ndipo sindikachititsa manyazi pamaso pa anzako a kabaza. Ukatuluka wopanda chikwama, sindikufunsa kanthu, ndingokutumiza kukatunga madzi. Ukafuna kundikalipira, undikalipire, ndimva zonse. Chimodzi chokha ndikupempha, mwana wanga: usadutse osandiyang'ana.

Ndine mayi ako,
Filomena